Mawu amodzi anasowa patsinde: za mmisiri amene anatisemera Athanasius pa Kasungu

Anthu angapo akhala akundifunsa kuti chifanizo cha nkhoswe ya mphakati wathu tinakasemetsa kuti, tinalipira zingati, ndiponso ngati mmisiriyo ndi wodalirika. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp, ndiye ndalemba pano kuti aliyense adziwerengere yekha. Dzina la mmisiriyo sinditchula, chifukwa pali cholakwa china chimene ndifotokoze ndipo sindikufuna kuti chimukanirire ngati chipsera. Ndingoti ali pa Kasungu boma, amasemera m'chisakasa cha malata, ndipo musanafike n'komwe mumayamba mwamva kulira kwa kasemasema.

Ine ndine msungichuma wa mphakati wa Athanasius Woyera, mbali ya ku Santhe. Dzinali anasankha ndi akuluakulu amene anayambitsa mphakatiwu, ndipo ambiri a iwo anatisiya. Agogo amati Atanazio, ana amangoti "Atha". Kunena zoona, kwa zaka zambiri takhala tikuimba dzina la munthu amene sitinkamudziwa. Zinasintha kumayambiriro kwa 2025, bambo mfumu atalengeza kuti chaka chimenecho pakwana zaka 1700 chichitikireni msonkhano wa maepiskopi wa ku Nicaea, ndipo anatiloza ife n'kunena kuti, "A mphakati wa Athanasius, mwini wake wa nkhaniyi ndi wanu. Muchitapo chiyani?" Mseminale wina wa ku Kachebere amene anali patchuthi anatikhalitsa pansi masana awiri n'kutifotokozera mbiri yonse. Ine, poti ndinali mphunzitsi, ndinalemba m'kope. Pamsonkhano wotsatira tinagwirizana kuti tisonkhe ndalama, tisemetse chifanizo, chidalitsidwe pa 2 Meyi, tsiku limene mpingo umamukumbukira.

Tinapita kwa mmisiri sabata ya Phulusa, ine ndi a tcheyamani. A tcheyamani anali ndi chithunzi pafoni chimene mdzukulu wawo anawachotsera pa Google: mzungu wonenepa bwino, ndevu zoyera ngati thonje, chisoti chachitali cha uepiskopi kumutu. Tinkaganiza kuti munthu ayang'ana, atchula mtengo, tikangana pang'ono, basi. Iye anayang'anadi, kenako anabweza foni n'kutikokera chigogo choti tikhalepo.

"Amayi, munthuyu anali ndani? Anavutika ndi chiyani? Ine sindisema munthu amene sindikumudziwa. Ndingakusemereni amalume anga, inu muzikawagwadira mukuti ndi woyera."

Apa m'pamene ndinadziwira kuti sitinasochere. Ndinatulutsa kope langa. Ndinamuuza kuti munthuyu adali wa ku Alexandria, ku Egypt, mu Africa momwe muno. Ku Nicaea, mzinda umene lero umatchedwa İznik ku Turkey, adapitako mu 325 ali dikoni chabe, wonyamula zolembera za episkopi wake Alexander. Mfumu Constantine ndiyo idaitanitsa msonkhanowo chifukwa wansembe wina wa ku Alexandria komweko, Arius, ankaphunzitsa kuti Mwana wa Mulungu adachita kulengedwa, ndipo kuti idalipo nthawi imene Iye kunalibe. Maepiskopi adakana, nanena kuti Mwana ndi wobadwa, osati wolengedwa, ndipo umulungu wake ndi womwewo wa Atate. Mu 328 Athanasius adalowa uepiskopi, nakhalapo zaka 45 mpaka imfa yake pa 2 Meyi 373. Mwa zaka zimenezo, pafupifupi 17 adazithera kothawa. Adapirikitsidwa kasanu, ndi mafumu anayi osiyanasiyana: Constantine yemweyo, Constantius, Julian ndi Valens.

Mmisiri anasiya kunola tchizulo. "Kasanu? Nanga pachithunzipa anenepa chonchi ankadya kuti?"

Nkhani imene inamugwetsa ndi phwete ndi ya dzanja. Pamsonkhano wa ku Tyre mu 335, adani ake adamunamizira kuti adapha episkopi wina dzina lake Arsenius n'kumudula dzanja kuti achitire zamatsenga, ndipo dzanja louma ankayenda nalo ngati umboni. Olemba mbiri ya mpingo akale amati Athanasius adalowetsa Arsenius wamoyo m'bwalo atamufunditsa nsalu, navundukula dzanja limodzi, kenako linalo, n'kufunsa kuti lachitatulo lidadulidwa pati. Mmisiri anati, "Kani zonamizirana ziwalo zinayamba kale!" Koma ndinamuuza kuti kupambana mlandu umenewo sikudamupulumutse. Adaniwo adakauza mfumu kuti iye akufuna kutsekereza ngalawa za tirigu zochoka ku Egypt kupita ku Constantinople. Ife a kuno tikudziwa kuti munthu ukamunamizira kuti akubisa chimanga, wamutha. Mfumu idamuthamangitsira ku Trier, kumene lero ndi ku Germany.

Anandifunsanso funso limene sindinaliyembekezere: ngati munthuyo anali wofatsa. Ndinayankha monga mseminale anatiuzira, kuti ayi. Adali waliuma, cholembera chake chinali chakuthwa, ndipo ena a m'nthawi yake adadandaula kuti ankawagwira ndi dzanja lolemera. A tcheyamani anandiponda phazi kuti ndisanyoze woyera pamaso pa munthu wachilendo. Mmisiri anangogwedeza mutu n'kujambula mizere iwiri pakati pa nsidze pa pepala lake.

Za mtengo wosemera anatiuza mosabisa. Malaina ndi otchipa ndipo amasemeka msanga, koma iye anati pa ntchito yoti idzaone zidzukulu sangatilangize. Anali ndi chipika cha mlombwa chimene anagula kwa munthu amene ankagumula nyumba yakale, chouma kwa zaka zambirimbiri. Ndinamuseka kuti asakhale atachizembetsa ku Kasungu National Park, iye anandionetsa mabowo a misomali yakale. Cha malaina anati K130,000, cha mlombwa K250,000, kutalika kwake kuchokera pansi kufika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Tinanenerera mpaka K220,000. Theka tinatumiza pa Airtel Money tsiku lomwelo. Risiti alibe. Analemba m'kope la ana asukulu, ine n'kusainira, ndipo ndinajambula tsambalo pafoni chifukwa ndalama za gulu zimadanitsa.

Mkangano unabuka pa chisoti ndi penti. A tcheyamani ankafuna chisoti chachitali ndi nkhope yopaka penti yoyera, ati kuti anthu azindikire kuti ndi woyera weniweni ngati a m'tchalitchi. Ine ndinakumbutsa kuti mseminale ananena kuti zisoti zotero zidabwera patapita zaka mazana ambiri, ndipo kuti munthuyu ndi wa ku Africa, ndi iyenso adadzoza Frumentius kukhala episkopi woyamba wa ku Ethiopia. Mmisiri anatisiya tikangane, kenako anati, "Abambo, penti ndipaka ngati mukufuna, ndalama ndi zanu. Koma mlombwa woupaka penti uli ngati nsima yothira shuga." A tcheyamani anagonja pa penti. Pa chisoti anagonja patapita sabata, atafunsa bambo mfumu.

Tsopano zoipa zake, poti kubisa n'kupha anzanga amene adzapiteko. Munthuyu nthawi saidziwa. Anatilonjeza Lamulungu la Kanjedza, pa 13 Epulo. Ndinakwera minibasi Loweruka lake, ndinapeza Athanasius ali ndi mutu ndi mapewa, kumunsi akadali chipika. Nyengo ya Lenti amakhala ndi maoda ambiri a mitanda, ndipo savomera kuti wachulukidwa, amangoti "mawa, amayi". Foni yake imakhala yozima masiku awiri atatu. Maulendo atatu ndinapita pachabe, ndipo ndalama yoyendera inatuluka m'thumba mwanga chifukwa ndinachita manyazi kuipempha ku gulu ulendo wachitatu. Sabata ya Pasaka, imene tinamvanso za imfa ya Papa Francis, ndinali nditayamba kale kuganiza za mmene ndikawauzire anthu amene anagulitsa soya wawo kuti asonkhe.

Lachitatu pa 30 Epulo anaimba yekha kuti zatheka. Ndinafika cha m'ma 3 koloko, ndinapeza chifanizo chafunditsidwa chitenje chakale. Atachivundukula ndinakhala kaye chete.

Anasema munthu wamfupi, wowonda, wa ndevu zosapesa, mwendo umodzi uli patsogolo ngati wangomva kuti asilikali ali pakhomo. Dzanja lamanja lagwira ndodo ya paulendo, osati ndodo yokongola ya episkopi. Zidendene n'zong'aluka ngati za munthu woyenda pansi m'chilimwe, ndipo ming'aluyo anaisema dala ndi nsonga ya mpeni. Ndinali nditamuuza za usiku wa mu 356 pamene asilikali adazinga tchalitchi ku Alexandria anthu ali pa mapemphero, iye n'kupulumuka kukabisala kwa amonke a m'chipululu zaka zisanu ndi chimodzi. Zonsezo zinali m'mapazi amenewo. Mizere iwiri ija ili pakati pa nsidze, koma maso si aukali. Ndi maso a munthu amene sanagone.

Kudzanja lamanzere kuli kalata yokulunga, ndipo m'mphepete mwake muli timizere 27. Ndinawerenga kawiri. Ndinali nditangotchula modutsa kuti m'kalata yake ya Pasaka ya mu 367 Athanasius adandandalika mabuku 27 a Chipangano Chatsopano, omwewa tili nawo lero. Sindinamuuze kuti aike, anangosunga mumtima. Pafupi ndi phazi lakumbuyo pali kabwato. Kameneko n'ka nkhani imene imasimbidwa kuti tsiku lina akuthawa pa mtsinje wa Nile adatembenuza ngalawa n'kukumana ndi omulondola, iwo osamuzindikira n'kufunsa ngati awona Athanasius, yankho n'kukhala lakuti sali patali. Kabwatoko n'kofanana ndi ta asodzi a ku Nkhotakota, si ka ku Egypt ayi, koma ine sikandivuta.

Zolakwika pa kasemedwe zilipo. Manja ndi aakulu kuposa thupi. Kumsana sanasalaze bwino, ukapititsa chala umamva mapazi a tchizulo, ngati anaganiza kuti chidzatsamira khoma moyo wake wonse. Amene munafikako ku Mua n'kuona zosema za ku KuNgoni musayembekezere kusalala kotero. Koma nkhope imeneyo sindingaisinthanitse.

Kenako maso anga anatsikira patsinde. Tinagwirizana kuti palembedwe dzina, chaka cha 373, ndi mawu atatu a m'pemphero la chikhulupiriro: WOBADWA, OSATI WOLENGEDWA. Dzina linali bwinobwino, ndi H yemwe pamalo pake. Chaka chinali bwino. Pansi pake panalembedwa mozama, mwaluso, mopakidwa kale polishi: WOBADWA WOLENGEDWA.

Miyendo inandizizira. Munthu amene adathawa kasanu chifukwa chokana kuti Mwana ndi wolengedwa, ife a mphakati wake tamuimika pamwamba pa chiphunzitso cha Arius, ndi ndalama zathu za soya, kutatsala masiku awiri kuti bambo mfumu adzawaze madzi odalitsa.

Zilembo anasema ndi mwana wake wa mmisiriyo, mnyamata wa Fomu 3 amene amathandiza bambo ake akaweruka. Malo anamuchepera, ndiye anaona kuti mawu aafupiwo ndi amene angachoke popanda kuwononga kanthu. Bambo ake sanayang'ane. Poyamba nawonso sanaone vuto. "Amayi, kodi si zomwezo? Kubadwa, kulengedwa, zonse ndi za Mulungu. Anthu akaona nkhope, sawerenga pansi."

Ndinalibe mawu a kuseminale, ndipo Chigiriki chimene mseminale anatilembera pabolodi chinali chitandithawa. Ndinangoloza chifanizo n'kufunsa kuti anachipanga ndani. Anati ndi iye. Ndinaloza mnyamata uja, amene anali ataima pakona mutu uli pansi, n'kufunsa kuti nanga uyu munamusema ndi kasemasema uti. Anaseka, anati ameneyo ndi wobereka. Ndiye ndinati, "Abambo, pa awiriwa, ndani ali munthu ngati inu? Ndani ali ndi magazi anu? Chifanizochi ngakhale chikongole bwanji ndi mtengo, mukhoza kuchigulitsa. Arius ankati Yesu ali ngati chifanizochi, chopangidwa choposa zonse koma chopangidwabe. Athanasius ankati ali ngati mnyamatayu. Ndipo ankati ngati Yesu ndi chopangidwa, ndiye kuti amene adatifera si Mulungu, ndipo cholengedwa sichingapulumutse cholengedwa chinzake."

Mmisiri anayang'ana mwana wake nthawi yaitali. Kenako anati, "Tenga pulena."

Nditamufotokozera mseminale uja pafoni, anandiuza kuti Athanasius mwiniwake adagwiritsa ntchito fanizo lofanana nalo, lakuti munthu nyumba amachita kumanga koma mwana amabereka. Ndinanyada sabata yathunthu, ngakhale mwina ndinangokumbukira zimene iye yemweyo anatiphunzitsa n'kuziyesa zanga.

Pamene ndimamupatsira ulemu mmisiriyu ndi pa zimene anachita atamvetsa. Sanamukalipire mwanayo pamaso panga. Sanapemphe ndalama yowonjezera, ngakhale ya polishi. Sanayesenso njira yachidule yofinyikiza OSATI waung'ono pakati ngati mmene ana amachitira m'kope akaiwala mawu, ngakhale ine ndemwe, chifukwa cha mantha a nthawi, ndinamuuza kuti atero. Anakana. Anapala nkhope yonse ya tsinde mpaka zilembo zonse zitafafanizika, n'kuyambanso. Pa 1 Meyi, tsiku la tchuthi cha apantchito, iye ndi mwana wake anasema tsiku lonse, ndipo magetsi atazima madzulo anamalizira ndi tochi ya foni. Nthawi ino anachepetsa zilembo ndipo mnyamatayo anayamba walemba ndi pensulo, n'kunditumizira chithunzi kuti ndivomereze asanakhudze tchizulo. Kupalako kunachepetsa tsinde kutsogolo, moti chifanizo chimagwedera pang'ono chikaikidwa pa tebulo losalala. Anatipatsa kathabwa kopinga pansi. Kamagwira ntchito, koma kamasowasowa, ndipo kawiri takapeza ana akuseweretsa.

Chinafika kwathu Lachisanu m'mawa pa njinga yamoto ya kabaza, chitakulungidwa m'bulangete, mnyamata uja atachikumbatira kumbuyo. Polishi anali asanaumitsitse ndipo ubweya wa bulangete unamatirira paphewa, tinachita kuchotsa ndi zikhadabo. Misa inachitikira pansi pa mtengo wa mango kwa a tcheyamani, masiku amene mpingo unalibe Papa. Bambo mfumu asanadalitse anawerama n'kuwerenga patsinde mokweza, mawu onse atatu. Ine ndi mnyamatayo tinayang'anana.

Aneba athu, mkulu wa mpingo wa CCAP, anabwera kudzadya nafe mpunga. Ananena mwaulemu kuti za zosemasema iwo ndi ife sitidzagwirizana, ndipo sindinawatsutse, poti nkhani imeneyo ndi yakale kuposa tonsefe. Koma anati dzina la Athanasius amalidziwa, chifukwa pali chivomerezo cha chikhulupiriro chotchedwa ndi dzina lake, ndipo cha ku Nicaea nawonso amachivomereza. Bambo mfumu anawonjezera kuti akatswiri amati chotchedwa ndi dzina lakecho sadalembe ndi iye, chidalembedwa m'Chilatini iye atamwalira kale. Anakambirana mpaka mpunga unazizira, ndipo mkuluyo pochoka anaima pa chifanizo n'kuwerenga timizere tija. Anapeza 27.

Ndadikira dala kuti chilimwe chidutse ndisanalembe, chifukwa chosema chimaoneka bwino tsiku logula, chimayamba kunena zoona mu Okutobala. Chathu chinang'aluka pang'ono kumsana, mng'alu wotalika ngati chala. Ndinamuimbira, foni inali yozima monga mwa masiku onse, koma tsiku lachitatu anabwera yekha ndi guluu wosakaniza ndi utuchi wa mlombwa womwewo, anamata, anasalaza, ndipo kumsana kuja anakupalako bwino nthawi yomweyo. Anangolandira ya minibasi. Anatilangiza kuti tisachiike padzuwa kapena pafupi ndi moto, tizichipaka polishi wopanda mtundu kamodzi pa miyezi itatu, ndipo tisachikhazike pa dothi chifukwa cha chiswe. Popeza chimayenda nyumba ndi nyumba motsatira kumene mphakati ukukumana, tinachisokera thumba la nsalu yokhuthala.

Kwa amene mukufuna kupitako: pa khumi ndimupatsa 8, ndipo ziwiri ndamuchotsera chifukwa cha nthawi ndi foni, osati chifukwa cha OSATI. Muuzeni kuti amalize kutatsala mwezi wathunthu kuti tsiku lenilenilo lifike. Musapite m'nyengo ya Lenti. Mawu olemba patsinde muwalembe nokha papepala ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo muumirire kuona pensulo tchizulo isanalowe. Chithunzi cha pa intaneti mukhoza kuchisiya kunyumba, koma mbiri ya woyera wanuyo muidziwe, chifukwa adzakufunsani mafunso ndipo mukayankha mwachisawawa mudzalandira amalume ake.

Amayi a mphakati woyandikana nafe, wa Monica Woyera, andipempha kuti ndiwaperekeze Loweruka likubwerali. Ndamuuza kale mmisiri pafoni kuti ameneyonso ndi wa mu Africa, wa ku Thagaste kumene lero ndi ku Algeria, ndipo adalirira mwana wake Augustine zaka zambiri mpaka adatembenuka. Anafunsa kuti mwanayo ankachita chiyani kwenikweni. Ndamuuza kuti nkhaniyo ndi yaitali, akonze chigogo chija, mandasi tibweretsa.